Mulu Wakumbuyo

Ntchito yanga inali yothirira miyala. Ndimayambira pamenepa kuti ofuna kuseka asekeretu, kenako tipitirire.

Kuseri kwa fakitale yosungunula zitsulo kuli bwalo lalikulu lotayirako zotsala za m'ng'anjo. Chitsulo chikasungunuka, nyansi zake zimayandama pamwamba. Amazikhuthula, zikazizira zimauma gwa. Ife a pabwalo timati makoko. Ophunzira amati silagi, ndipo potchula amakweza chibwano pang'ono ngati liwulo analitulukira okha. Makoko akaphwanyidwa amakhala miyala yolimba kuposa ya kuphiri, koma ali ndi khalidwe limodzi loipa: m'kati mwake muli laimu, ndipo laimuyo akamwa madzi amatupa. N'chifukwa chake mulu uliwonse umayenera kukhala panja miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa, uku ukuthiriridwa, uku ukutembenuzidwa, mpaka utatupa kutupa kwake konse n'kukhala phee. Wothirirayo ndinali ine, zaka khumi ndi zitatu. Dzina langa linatsala pachiphaso. Fakitale yonse, mpaka mayi wa kukantini, inkanditcha a Paipi.

Mulu uliwonse unali ndi chitini chake cha penti. Ndinkadzazamo makoko ophwanyaphwanya, kutsendera, kuthira madzi, kukhomera chivundikiro, n'kuchiika pakhoma lofunda la kuseri kwa ng'anjo. Pakatha masabata angapo ndinkakayang'ana. Chivundikiro chikatukumuka, ndiye kuti muluwo ukadali ndi mkwiyo. Chikakhala chathyathyathya, muluwo wapola. Za zitinizi palibe anandiphunzitsa, ndipo palibenso anandifunsapo. Pa zaka zonsezo makoko anga ankangotengedwa pawilibala kukakwirira maenje a poimika galimoto za mabwana.

Ndiye mwana wanga wamkazi anakwatiwa ndi injiniya wa misewu.

Mkamwini wanga si munthu woipa. Kungoti ali ndi chipewa choyera cholimba chija cha mainjiniya, chimene akachivula amachiika pagalasi lakumbuyo la galimoto, kuti amene ali m'mbuyo adziwe kuti akutsatira ndani. Lamlungu lina atabwera kudzadya kwathu ndinamufotokozera za milu yanga, monga mmene munthu amafotokozera za nkhuku zake. Iye ankamvetsera maso ali pafoni. Patapita miyezi iwiri kampani yake inalengeza kuti injiniya wawo wachinyamata watulukira nzeru yatsopano, yomanga msewu ndi silagi m'malo mogumula phiri. Anamupatsa msewu wa makilomita atatu, wochokera pamsika kukafika kudepoti ya mabasi, n'kumuuza kuti ukayenda bwino amulemba ntchito yokhazikika. Nyumba ya kampani imene ankakhalamo ndi mwana wanga, ya siling'i ndi madzi otentha m'bafa, inali yomangiriridwa ku ntchito yomweyo. Msewu ukalephera, ntchito ndi nyumba zimapitira limodzi. Mwana wanga anali ndi pakati pa miyezi inayi, ndipo makatani anali atasoketsa kale, oyezera mazenera a nyumba imeneyo.

Za kubedwa kwa nzeru sindinadandaule. Ndinasangalala kuti tsopano miyala yanga ipondedwa ndi mabasi.

Tsiku lotenga sampulo mkamwini anabwera atavala nsapato zosongoka. Anafika pageti la bwalo, anaona matope a madzi anga, n'kuima pomwepo.

"Bambo, mutitengereko silagi, matumba awiri. Akufunika ku labu."

"Wa mulu uti, akamwini?"

"Uliwonse, bambo. Silagi ndi silagi."

Apa ndi pamene ndinalakwa, ndipo ndinalakwa chifukwa cha ulemu. Kunyumba kwathu mlendo akabwera timamupatsa mpando wabwino, ife n'kukhala pa wogwedera uja. Ndinakankha wilibala kudutsa milu isanu ndi iwiri, kuwoloka kamlatho ka pangalande, mpaka kumapeto kwenikweni kwa bwalo kumene kunali mulu wanga wakumbuyo. Umenewo unali utakhala zaka zinayi. Unali utatuwa, utamera udzu, abuluzi atamangapo mudzi. Chitini chake chinali chathyathyathya ngati tebulo. Ndinasankha miyala yabwino, ndinamanga matumba mwaudongo, mwinanso ndinkaimba mluzu.

Labu inayamikira kwambiri. Pepala linabwera ndi chidindo chobiriwira, ndipo mkamwini analiika m'felemu.

Matipa anayamba kubwera Lolemba lina m'mawa. Ndinatuluka m'kashedi kanga kapu ya tiyi ili m'manja, n'kupeza a Chimkono, oyendetsa katapila wathu, akutapa mulu wa pageti. Mulu wa pageti unali wa masabata atatu. Unali wakuda bii, wonyezimira, wokongola ngati nsapato za mkamwini wanga. Chitini chake ndinali nditangochikhomera dzana lake.

"A Chimkono! Imani! Si umenewo!"

Anasuzumira pazenera. "A Paipi, mwaona njoka?"

"Mulu wa msewu ndi wakumbuyo uja."

"Wa kutsidya kwa ngalande? Kamlatho kaja mukukadziwa bwino? Kamalira ndi wilibala yanu yomwe. Tipa yodzaza ikagweramo, mudzaivuula ndi paipi?"

"Awa sanapole, a Chimkono. Atupa."

"Inenso ndatupa, miyendo yonseyi, koma ndili pantchito. Kauzeni a Manijala. Ine andiuza wa pageti."

A Manijala anali ndi ofesi m'chipinda cha pamwamba, cha zenera lalikulu loyang'anizana ndi mulu wa pageti womwewo, ndipo ankauona ngati mlamu wobwera kudzacheza masiku awiri amene watha chaka. Sekilitale wawo anandiuza kuti ndibwere mawa. Mawa lake anandiuzanso chimodzimodzi. Lachitatu ndinalowa. Anandilandira ndili chiimire, n'kundisiya momwemo.

"Mukudziwa kuti labu yavomereza?"

"Inavomereza wakumbuyo, bwana. Sampulo ndinatenga ndine."

"Papepala alemba kuti wakumbuyo?"

"Ayi, bwana. Alemba kuti silagi wa fakitale ino."

"Nanga wa pagetiyu ndi wa fakitale ya ndani?"

Mpaka lero ndikuvomereza kuti limenelo linali funso labwino. Ndinayesa kutchula zokonza kamlatho. Anati kamlatho kali m'dongosolo la chaka chamawa. Kenako anandifotokozera kuti fakitale yalowa m'nyengo yatsopano yosamalira chilengedwe, kuti atolankhani abwera kudzajambula, ndi kuti ndichotse zitini zanga pakhoma paja chifukwa zikunyansitsa malo.

Masana ake ndinapalasa njinga kupita kumsewu. Ndinapeza mkamwini ali pakati pa anthu ake, akuloza chinthu chimene onse ankachiona kale. Atandiona anabwera mofulumira kudzandichingamira, n'kundikokera pambali. Sankakonda kuti antchito ake amve munthu wovala majombo akumutchula kuti akamwini.

"Bambo, kwagwanji? Kunyumba kuli bwino?"

"Kunyumba kuli bwino. Koma makoko akuthira apawa ndi aawisi."

"Bambo, labu…"

"Labu inayeza mulu wina. Ndinakutengerani wabwino."

Kwa kamphindi ndinaona nkhope ya mwana wa munthu pansi pa chipewa chija, ndipo ndinaganiza kuti wamva. Anayang'ana matipa anayi amene anali pamzere. Anayang'ana chikwangwani chachikulu cha pamphambano, pamene panalembedwa tsiku lotsegulira msewu ndi dzina lake m'munsi mwake.

"Tathira kale mamita mazana atatu," anatero motsitsa mawu. "Ndikaimitsa, akuluakulu ndikawauza chiyani? Kuti sampulo ndinatuma apongozi anga chifukwa ndinkaopa matope?"

"Mukawauze kuti atupa."

"Atupa pang'ono, bambo. M'mabuku muli malire ake. Titsendera ndi rola yaikulu ija, pamwamba n'kuthira phula. Madzi alowera pati?"

"Madzi sasowa polowera, akamwini. Ine ndimakhala nawo tsiku lonse."

"Bambo, ndi ulemu wonse, inu mumathirira. Ine zimenezi ndinaziphunzira zaka zisanu."

Ananena mofatsa, atagwira dzanja langa ndi manja ake awiri. Kenako anandifunsa ngati dalaivala angakanditule, njinga n'kuikweza kumbuyo. Ndinati ndipalasa.

Zitini ndinazichotsa monga anandiuzira. Zambiri ndinakhuthula, koma ziwiri ndinapita nazo kunyumba, cha mulu wakumbuyo ndi cha wa pageti, n'kuziika padenga la khola la nkhuku pamene dzuwa limawomba tsiku lonse. Akazi anga anaziyang'ana, n'kuyang'ana ine.

"Ntchito yayamba kutitsatira mpaka kuno?"

Ndinawafotokozera zonse. Ndinati ndikuganiza zolemba kalata kwa akuluakulu a kampani ya misewu.

"Kalatayo munena kuti walakwa ndani?" anafunsa akupitiriza kuchapa.

"Sinditchula munthu."

"Bambo ake, msewuwo uli ndi mainjiniya angati?"

Unali ndi mmodzi.

"Ndiye mulembe. Mwana abwerere kuno ndi mimba yake, agone pabalaza, makatani aja tifundire. Mwamuna wakenso abwere, chipewa chake tiziikamo mazira."

Kalata sindinalembe. Khomo lililonse limene ndikanagogoda, kuseri kwake kunali mkamwini wanga, ndipo kuseri kwa mkamwini kunali mwana wanga. Loweruka mwanayo anabwera yekha kudzatiwona, akuyenda pang'onopang'ono atagwira msana. Ndinakonzeka kumuuza. Iye anayamba kufotokoza za kachipinda ka mwana, kuti akufuna kukapenta chikasu. Ataona zitini padenga la khola anasangalala.

"Adadi, pentiyo ndi wa mtundu wanji?"

"Anatha, mwana wanga," ndinatero.

Ndinayesa chinthu chimodzi chokha chimene chinali m'manja mwanga, chomwe ndi paipi. Ndinaganiza zopanikiza miyezi isanu ndi umodzi kuti ikwane m'masabata atatu. Ndinkafika m'mamawa anzanga asanafike, n'kuthirira mulu wa pageti mpaka madzi kuyenderera kumsewu. Ndinkadziwa kuti laimu safulumizitsidwa motero, koma munthu sangangoima manja ali lende. Katapila anayamba kuterereka. Matipa ankatuluka akudontha ngati ana a kusukulu ya mkaka.

"A Paipi," anakuwa a Chimkono tsiku lachinayi, "mukufuna zimere?"

Mkamwini anaimbira foni a Manijala kudandaula kuti silagi akufika wonyowa. A Manijala anatumiza munthu ndi sipanala kudzamanga mpope wanga. Masabata otsalawo ndinkangokhala pakhomo pa kashedi n'kumaonerera matipa akutuluka. Ena mwa madalaivala ankandibayibitsa.

Msewu unatha pa nthawi yake, ndipo ndinene zoona, unali wokongola. Wakuda, wosalala, mizere yake yoyera mbee. Pa tsiku lotsegulira panali tenti, mipando ya nsalu ndi riboni. Analankhula anthu asanu ndi mmodzi, aliyense kuthokoza amene walankhula asanayambe iye. A Manijala anadzala mtengo ndi fosholo yatsopano, atagwira cha kumapeto ngati ikuwotcha. Mkamwini anafotokoza kuti zinyalala ndi chuma chimene sichinakumane ndi injiniya, anthu n'kuwomba m'manja. Ine ndinaima kumbuyo, pafupi ndi ogulitsa madzi. A Chimkono anandigunda ndi chigongono.

"Ukutupa pati, a Paipi? Tandilozerani, maso angawa akalamba."

Ndinalakalaka ndithu kuti akhale olondola. Ndikanalola kusekedwa mpaka kupuma pantchito.

Mvula inayamba patapita miyezi iwiri, sabata yomwe mdzukulu wanga anabadwa. Masabata oyamba msewu unali phee, ndipo ndinayamba kugona bwino. Kenako tsiku lina ndikupalasa, njinga inadumpha pang'ono pafupi ndi kwa ometa tsitsi. Ndinabwerera, ndinatsika, ndinaika chikhatho pansi. Panali kachotupa, kakang'ono ngati ka mwana wagwa pampando. Sabata yotsatira totupato tinali tisanu. Mwezi usanathe msewu wonse unali utachita mafunde, phula litang'ambika ngati pamwamba pa buledi, m'ming'alu mukutuluka fumbi loyera. Miyala ya m'mphepete inakankhidwira m'ngalande. Ometa tsitsi aja chitseko chawo chinasiya kutseguka, n'kumametera anthu pakhonde. Madalaivala a minibasi ankachenjeza okwera kuti amene ali ndi mano oikirira awagwire. Kunyumba, chitini cha mulu wa pageti chinali chitataya chivundikiro, nkhuku n'kumachizungulira mwaulemu. Chinzake chija chinali chikhalire chathyathyathya.

A Chimkono anasiya kundiseka. Ankangoti, "Mwadzuka, a Paipi," n'kuyang'ana kwina. Kuseka kuja kunali bwino.

Kunakhazikitsidwa komiti yofufuza, ya anthu asanu, ndipo ine ndinaitanidwa. M'mawa mwake ndinaika zitini ziwiri zija m'chikwama. Akazi anga anaona koma sanandiletse. Anangoti ndidzere kwa mwana ndikasiye mabulangeti amene anamuchapira.

Ndinamupeza akuyanika matewera kuseri kwa nyumba ya kampani ija, khanda lili kumbuyo. Anali ataonda pang'ono. Anati mwamuna wake sakudya, akumangokhala pamphepete pa bedi atagwira nsapato imodzi.

"Akuti nanunso akuitanani, adadi. Inu mukangonena zimene mukudziwa basi. Paja inu simunama."

Ndinati ndamva. Anandipatsa madzi osamba m'manja, otentha, a pampope wa m'nyumba, kuti ndinyamule mdzukulu. Kamunthuko kanandigwira chala n'kugona.

Komiti inakhala m'chipinda cha misonkhano cha fakitale, momwe pa zaka khumi ndi zitatu ndinali ndisanalowemo. Patebulo panali mabotolo a madzi ndi mbale ya maswiti. Pakati panakhala a Wapampando, bambo a magalasi awiri, ena pamphuno ena pachifuwa. A Manijala anali cha kuzenera. Mkamwini anali pakona, wopanda chipewa. Ndinali ndisanazindikire kuti mutu wake ndi waung'ono chotero.

"Ntchito yanu ndi yotani, bambo?" anafunsa a Wapampando.

"Ndimathirira makoko, bwana."

Panali kuseka kwa anthu ophunzira, kodzera m'mphuno.

"Sampulo yopita ku labu anatenga ndani?"

Mkamwini anayang'ana tebulo ngati palembedwa nkhani.

"Ndine, bwana."

"Munaitenga kuti?"

"Pabwalo, bwana."

"Bwalo la fakitale ino?"

"Lomweli."

"Ndiye kuti silagi amene anayezedwa ndi amene anathiridwa mumsewu anachokera m'bwalo limodzi?"

"Bwalo ndi limodzi, bwana."

Onse asanu analemba. Sindinaname, mwana wanga ananena zoona. Chikwama chinali pansi, pakati pa miyendo yanga, ndipo ndinkamva zitini zikundigunda m'kakolo. Zinkangofunika kuziika patebulo, china apa china apo, pakati pa maswiti ndi madzi. Ngakhale munthu wa magalasi awiri akanaona. Akanafunsa kuti matipa ankatapa mulu uti, kenako akanafunsa ngati ndinauza injiniya, ndi tsiku lake. Tsikulo ndinkalikumbukira. Linali Lachitatu.

"Muli ndi china chowonjezera?"

A Manijala anatsokomola. Mkamwini anadzutsa mutu n'kundiyang'ana, koyamba chilowereni m'chipindamo. Sanali kupempha. Ankangoyang'ana ngati munthu woyang'ana tipa ikubwerera m'mbuyo iye alibe kothawira.

"Ndilibe, bwana."

Zonse zinatenga mphindi zisanu ndi ziwiri. Potuluka a Wapampando anandiuza kuti nditengeko switi.

Lipoti linatuluka la masamba makumi asanu ndi limodzi, lachikuto cholimba. Linapeza kuti injiniya anatsatira ndondomeko yonse, fakitale inatsatira ndondomeko yonse, labunso chimodzimodzi. Wolakwa anali silagi. Linati silagi wa fakitale ino ndi wosadalirika, chifukwa amakhoza mayeso m'labu n'kukatupa mumsewu, choncho asadzagwiritsidwenso ntchito pomanga chilichonse. Mkamwini anamulemba ntchito yokhazikika, n'kumupatsa udindo wofukula msewu uja ndi kuumanganso ndi miyala ya kuphiri, popeza ndi iye amene ankaudziwa bwino. Makatani sanachoke m'mazenera.

A Manijala anawerenga lipotilo n'kuona mfundo imene komiti sinalembe: chinthu chimene palibe adzachitenge, n'kuchithiriranji? Mpope wanga anaudula. Ine sanandichotse, anandisamutsira pageti la bwalo, kokweza ndi kutsitsa chitsulo chotchinga galimoto. Anandipatsa yunifolomu ndi wezulo. Anthu akunditchabe a Paipi, ndipo antchito atsopano amaganiza kuti n'chifukwa cha chitsulo cha pagetipo.

Mkamwini amabwerabe kudzadya Lamlungu. Za m'chipinda chija sitinakambepo. Tsiku lina, atakhuta, anandiuza kuti waitanidwa kumsonkhano wa mainjiniya kukalankhula za kuopsa kwa silagi.

"Mukudziwa, bambo, m'kati mwake mumakhala laimu. Akakumana ndi madzi amatupa. Anthu ambiri sadziwa zimenezi."

"Zoona, akamwini?"

Anandiyang'ana, makutu ake n'kugwa pang'ono. Kenako anatembenukira kwa mkazi wake n'kufunsa ngati mwana wayamwa. Akazi anga anandiponda phazi pansi pa tebulo, ngakhale kuti ndinali nditamaliza kale kulankhula.

Chaka chotsatira kamlatho kaja anakakonza, monga mwa dongosolo. Anamanga kolimba, ka konkire, kotha kudutsa tipa yodzaza. Chifukwa chake chinali chakuti mulu wa pageti unali utakulanso n'kuyamba kutchinga zenera la a Manijala, ndiye analamula kuti makoko atsopano azikatayidwa kumapeto kwa bwalo, kosaonekera alendo. Malo athyathyathya kumeneko kulibe. Kuli mulu wakumbuyo.

Tipa yoyamba inafika m'mawa wa Lachiwiri, makoko ake akufuka nthunzi. Kumbuyo kwake kunali a Chimkono ndi katapila wawo, wokasalaza. Anaima pageti, n'kusuzumira pazenera.

"Akuti tithire pamwamba pa uja wa udzu, a Paipi."

"Ndamva."

"Ine ndangouzidwa."

"Ndikudziwa, a Chimkono."

Dalaivala wa tipa analiza hutala. Ndinakweza chitsulo, n'kuchigwira mpaka onse atadutsa.